Bango la ku Konya ndi Ng'oma ya ku Kabanana

Munthu amene agona ku Kabanana, komboni ya kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, angathe kudziwa tsiku ndi nthawi ndi makutu okha. M'bandakuca, nkhuku zisanatsike, liu la mwamuna mmodzi limveka kuitana Asilamu ku mapemphero, ndipo liu limenelo liyenda lokha, lopanda ng'oma kapena citoliro coliperekeza. Usiku wa Lacisanu mipingo ina icezera kupemphera kufikira kuca, ndi magitala ndi kiyibodi ndi zokuzira mau zimene zinjenjemeretsa malata a nyumba za anansi. Pa Sondo m'mawa kwaya ya Akatolika iimba ndi ng'oma ndi masece, a Ziyoni azungulira m'bwalo ndi mikanjo yao kufikira thukuta liri kamukamu, ndipo pena pace pali kagulu ka okalamba amene aimba nyimbo za m'buku ndi pakamwa pokha, monga anaphunzira ku mishoni. Zomwezi zimveka ku Matero, ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Mtendere.

Anthu onsewa ati ali kulemekeza Mulungu, koma pa nkhani ya zoimbira sabvomerezana konse. Wina ati ng'oma njacikunja, wina ati gitala ngwa m'nyumba za mowa, ndipo wina ati pemphero lopanda ng'oma lifanana ndi ndiwo zopanda mcere. Tsono funso ndi ili: kodi coimbira, cimene ciri mtengo ndi cikopa cabe, kapena bango, kapena waya, cingakhale copatulika pa ico cokha, kapena cocimwa pa ico cokha? Ndipo ngati sicitero, nciani cimene cisiyanitsa nyimbo ya pemphero ndi phokoso wamba?

Funsoli siliri la akulu a mipingo okha. Wowerenga ayerekeze mnyamata wa ku Kabanana amene watsiriza sukulu, nchito sanaipeze, koma zala zace zidziwa kiyibodi, ndipo abusa a mpingo wina ampatsa kandalama ka sopo cifukwa ca kuimbako. Agogo ace, amene anakulira pa mishoni ya Madzimoyo, amuona ali kutuluka nati, "Mdzukulu wanga, kodi kumene upitako nkopemphera kapena nkobvina? Ife pa unyamata wathu, Mkristu akapezeka pa gule anali kumletsa Mgonero." Mnyamata ayankha mwaulemu, "Agogo, nanga mfumu Davide sanabvina kodi pamaso pa likasa la Mulungu?" Ndipo nkhalamba iti, "Anabvina ndithu, koma sindinamve kuti atatha kubvina anapita kukalandira malipiro." Apo mnyamata asowa coyankha, angakhale mumtima mwace adziwa kuti agogo sanaithe nkhani yonse.

Mkangano womwewo uli pakati pa anansi ace Acisilamu. Ena a iwo ndi zidzukulu za Ayao amene anacokera ku Malawi kudzafuna nchito, ndipo makolo ao anali ndi mwambo wa sikiri, ndiko kukumbukira Mulungu pochula dzina lace kawirikawiri. Amuna aima mozungulira, nawerama ndi kuweramuka pamodzi, napuma mwamphamvu motsata muyeso umodzi, kotero kuti cifuwa ca munthu cisanduka ngati ng'oma. Sikiri ndi mwambo wa gulu la Qadiriyya, lochedwa ndi dzina la Abdul Qadir al-Jilani, mphunzitsi wa ku Baghdad amene anamwalira m'caka ca 1166. Mmodzi wa anthu amene anafalitsa gululi m'mbali mwa Nyanja anali mai, dzina lace Mtumwa binti Ali, amene anafika nalo ku Nkhotakota kucokera ku Zanzibar m'caka ca 1929. Koma kunabukanso Asilamu ena otsutsa, amene anati maliro ayenera kupita ku manda mwacete, opanda nyimbo ndi mbendera, ndipo amenewa anachedwa Asukuti, kucokera ku mau a Ciarabu otanthauza kukhala cete. Mkanganowo unagawa mizikiti ndi mabanja, ndipo mizu yace sinafe.

Mlandu ukakanika pa mudzi, akulu amvetsera mlendo, pakuti mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo woyenera pa mlandu uno ndi dziko la Turkey. Qadiriyya yemweyo wa ku Nkhotakota anafikanso ku Istanbul, mzinda waukulu wa dzikolo, ndipo anthu a kumeneko akangana za zoimbira ndi pemphero kwa zaka mazana ambiri. Iwo anayesa kulola zoimbira, anayesa kuziletsa, ndipo potsiriza anayesa kuzionetsa kwa alendo olipira ndalama. Cifukwa cace mbiri yao iri ndi phunziro kwa mnyamata wa ku Kabanana ndi kwa agogo ace omwe.

M'mizikiti ya ku Turkey simulowa coimbira ciri conse, koma liu la munthu lokha. Komatu liulo aliphunzitsa bwino. Nyimbo za kumeneko ziyenda m'njira zochedwa makam, ndipo makam iri yonse iri ndi poyambira pace, pokwerera pace ndi potsikira pace, monga njira ya kumunda imene munthu aidziwa ngakhale mumdima. Ku Istanbul kuli mwambo wakuti woitanira anthu ku mapemphero asinthe makam molingana ndi nthawi, ndipo m'bandakuca aitana m'makam yochedwa saba, imene imveka ngati kudandaula. Zoimbira zinali ndi kwao kwina, m'nyumba zochedwa tekke, mmene munali kusonkhana madervishi, ndiwo anthu amene anadzipereka kufuna Mulungu pansi pa mphunzitsi.

Gulu la madervishi lodziwika koposa ndi la Mevlevi. Linayamba ndi ophunzira a Jalaluddin Rumi, mphunzitsi ndi wolemba ndakatulo amene anabadwa m'caka ca 1207 namwalira mu mzinda wa Konya pa 17 December 1273, ndipo mwana wace Sultan Walad ndiye analikhazika bwino. Buku lalikulu la Rumi, lochedwa Masnavi, liyamba ndi nkhani ya bango lolira cifukwa linadulidwa kucoka pakati pa mabango anzace. Bango limenelo ndi citoliro cochedwa ney, cimene ciri mtima wa nyimbo zonse za Amevlevi. Ney sisiyana kweni-kweni ndi bango la m'madambo a Kafue. Mmisiri asankha bango la zigawo 9, aliumitsa, aliboola mkati monse, nalipatsa ziboo 7, zisanu ndi cimodzi patsogolo ndi cimodzi kumbuyo kwa cala cacikulu, naika pakamwa pace kacidutswa ka nyanga. Wophunzira angathe kuuzira masiku ambiri osatulutsa liu konse, koma mphepo yokha. Tanthauzo lace Amevlevi alimasulira motere: munthu ali ngati bango lodulidwa kucoka kwao, ndipo kulira kwace nkulakalaka kubwerera kwa Mlengi, koma bango silingalire likali lodzaza mkati, ndipo momwemonso munthu wodzaza ndi iye mwini sangatulutse liu la Mulungu.

Pamodzi ndi ney pali kudüm, ting'oma tiwiri ta mkuwa tooneka ngati mbale, tokutidwa ndi cikopa ca ngamila, timene aomba ndi timitengo tiwiri. Palinso rebab, wofanana ndi kaligo wa kuno, ndi nsanje zazing'ono za mkuwa. Zimenezi ziperekeza mwambo wochedwa sema. Mwambowo uyamba ndi nyimbo yotamanda Mneneri Muhammad, imene anaipatsa maimbidwe ndi Itri, woimba wa ku Istanbul wa zaka za m'ma 1600. Pambuyo pace ney ilira yokha. Madervishi abvala cisoti cacitali ca ubweya, cimene ciimira mwala wa pa manda, ndi mkanjo woyera woimira nsaru ya maliro, ndi copfunda cakuda coimira manda enieniwo. Atabvula copfunda cakudaco ayamba kuzungulira pa phazi lamanzere, dzanja lamanja litatambasukira kumwamba kulandira cisomo, lamanzere litaloza pansi kucipereka kwa anthu. Azungulira motero m'zigawo 4, ndipo mwambo utha ndi kuwerenga Korani ndi pemphero.

Cinthu cimodzi cimene alendo ambiri sacidziwa nci. Kale mnyamata wofuna kukhala dervishi wokhwima wa Mevlevi anayamba watumikira masiku 1,001, ndipo malo a utumikiwo anali kukhichini. Anasesa, anatsuka mbale, anatunga madzi, anakagula zakudya kumsika, nalongosola nsapato za anzace pakhomo. Nyimbo ndi kuzungulira anaziphunzira pakati pa nchito zonyozekazi. Mwa njira imeneyi munatuluka oimba akulu, monga Dede Efendi amene anakhala ndi moyo kuyambira 1778 kufikira 1846. Ngakhale mfumu ya dziko lonse, Sultan Selim III, imene inalamulira kuyambira 1789 kufikira 1807, inali yokonda Amevlevi, inaomba ney, ndi kupeka nyimbo ya mwambo wa sema.

Kumidzi ya ku Turkey kuli anthu ena ochedwa Alevi, amene coimbira cao copatulika ndi bağlama, cofanana ndi gitala wa khosi lalitali ndi mimba yonga cipanda. Iwo acilemekeza kwambiri kotero kuti acicha Korani ya nsambo. Pa msonkhano wao wa pemphero, wochedwa cem, amuna ndi akazi akhala pamodzi. Koma nyimbo isanayambe, mkulu afunsa ngati alipo awiri amene ali ndi cakukhosi, ndipo msonkhano supitirira kufikira atayanjana.

Wina angaganize kuti m'dziko lotere zoimbira zinali pa mtendere nthawi zonse. Iai. Aphunzitsi a malamulo a Cisilamu akhala ogawikana pa nkhani iyi kuyambira kale. Al-Ghazali, amene anamwalira m'caka ca 1111, anaphunzitsa kuti nyimbo siika kanthu kacilendo mumtima, koma idzutsa cimene cirimo kale, cabwino kapena coipa. Ena sanabvomere, ndipo m'caka ca 1666 alaliki okhwima anakopa boma kuti liletse sema, ndipo ciletso cimeneco cinakhala zaka 18. Patapita zaka zambiri ciletso cinadzanso, koma tsopano kucokera ku mbali yina. Boma latsopano la Mustafa Kemal Atatürk, pofuna kuti dziko lifanane ndi maiko a ku Ulaya, linaika lamulo pa 30 November 1925 lotseka nyumba zonse za madervishi. Nyumba ya ku Konya mmene muli manda a Rumi inasandutsidwa yoonetseramo zakale. Kuyambira 1934 kufikira 1936 nyimbo za makolo za mtundu wa makam zinaletsedwa pa wailesi. Motero bango lomwelo linatsutsidwa kawiri: poyamba ndi opembedza amene anati nlosayera, pambuyo pace ndi ophunzira amene anati nlacikale.

Koma ney sinafe. Okalamba anaphunzitsabe anyamata m'nyumba zao mwakacetecete. M'zaka za m'ma 1950 boma linalola kuti sema icitike ku Konya m'mwezi wa December pokumbukira imfa ya Rumi, koma linailola ngati cionetsero ca mwambo, osati ngati pemphero. Kuyambira pamenepo mbiri yace inawanda, ndipo m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linailemba pakati pa cuma ca mitundu yonse ya anthu. Masiku ano mlendo wofika ku Istanbul angagule tikiti nakaonerera amuna a mikanjo yoyera ali kuzungulira, ngakhale m'mahotela ndi m'nyumba zodyera, pakati pa kulira kwa mbale ndi mafoloko. Cisoti ncomweco, mkanjo ngwomwewo, ney njomweyo. Koma masiku 1,001 a kukhichini palibe amene awafunsa.

Wowerenga wa kuno sadzacedwa kuzindikira nkhope ya kwao m'nkhani iyi. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene anayamba nchito yao pa Magwero m'caka ca 1899, ndi ansembe Acikatolika omwe, analimbana kolimba ndi Nyau, ndipo kwa zaka zambiri ng'oma sinaloledwa m'nyumba ya mapemphero. M'malo mwace munalowa limba la ku Ulaya ndi maimbidwe a ku Ulaya. Ana a sukulu anaphunzira kucita manyazi ndi kalimba, bangwe ndi kaligo za atate ao. Koma si amishoni onse amene anatero. Ku Loudon, kumene ndi ku Embangweni, Donald Fraser analimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a makolo ao, ndipo nyimbo za anthu onga Mawelera Tembo ziimbidwa kufikira lero. Pambuyo pa msonkhano waukulu wa ku Vatican, umene m'caka ca 1963 unabvomereza maimbidwe a mitundu ya anthu m'mapemphero, ng'oma inalowa m'Misa poyera. Ndipo m'caka comweco ca 2005, pamene UNESCO inalemba sema, inalembanso Gule Wamkulu wa Acewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndi Vimbuza wa Atumbuka. Gule amene kwao kweni-kweni nkumaliro ndi kucinamwali, tsopano aonekanso pa misonkhano ya ndale ndi pamaso pa alendo a makamera.

Tsono mlandu uweruzidwe bwanji? Poyamba nkoyenera kuwamvera cilungamo oletsa aja, pakuti sanali opusa. Iwo anadziwa kuti nyimbo iri ndi mphamvu yonyamula munthu ndi kumtula kumene sanafune kupita. Munthu amene anasiya Nyau dzulo, akamva mbalule lero, mapazi ace akumbukira njira ya kudambwe mutu usanaganize. Asukuti anaona kuti pa maliro ena phokoso ndi madyerero zinali kuphimba cisoni ndi kulemetsa amasiye. Ndipo alipo anthu amene ayesa kuti apemphera pamene angotengeka ndi kukoma kwa ng'oma, monga munthu woledzera ayesa kuti wapeza nzeru. Mneneri Amosi yemwe anadzudzula anthu a nyimbo zokoma amene analibe cilungamo. Mantha a oletsa anali ndi maziko.

Koma analakwa poika cimo m'mtengo ndi m'cikopa. Limba la ku Ulaya nalonso ndi thabwa ndi citsulo, ndipo silinatsike kumwamba. Ng'oma imodzi ingathe kuitana anthu ku mowa Loweruka ndi kuwaitana ku Misa pa Sondo, ndipo cikopa cace sicisintha usiku umodzi. Zeze wa Davide anatonthoza mfumu Sauli, koma zeze wotere analiranso pa maphwando a mafumu oipa. Apa phunziro la bango la ku Konya liri loona: ney ndi ng'oma zifanana pa cinthu cimodzi, kuti zonse ziwiri nzopanda kanthu mkati. Ng'oma yodzaza ndi dothi silira, ndipo ng'oma siidziomba yokha. Cimene cimveka ndi mpweya wa wouzira ndi dzanja la woomba. Cifukwa cace woweruza zoimbira ayenera kuleka kuyang'ana mtengowo, nayang'ane munthu amene waugwira.

Mbiri ya ku Turkey ionetsanso cinthu cina cimene anthu ambiri saciyembekeza, ndico cakuti nyimbo yopatulika iopa kuomberedwa m'manja koposa kuletsedwa. Pa nthawi ya ciletso, amene anaomba ney anali okhawo oikonda, pakuti panalibe phindu kapena ulemu. Pamene tikiti inayamba kugulitsidwa, panadza ena amene anaphunzira kuzungulira kwa miyezi yowerengeka, monga munthu aphunzira nchito iri yonse yopezera cakudya. Ciletso cimenya nyimbo kucokera kunja, ndipo cimene camenyedwa kunja cingathe kubisala ndi kupulumuka. Cionetsero cidya nyimbo kucokera mkati ngati nankafumbwe, amene asiya cimanga cooneka cathunthu pamene ufa watha. Komabe pano pafunika kusamala, pakuti palibe munthu aona mtima wa mnzace. Pakati pa ozungulira pamaso pa alendo alipo ena amene apempheradi, ndipo zionetserozo zinathandiza kuti nyimbo zakale zisaiwalike. Coopsa si maso a oonerera ai, koma kuti woimba ayambe kuimbira masowo.

Ngati tsono ciyero siciri m'coimbira, munthu adzacizindikira ndi ciani? Adzacizindikira ndi zimene zicitika nyimbo isanayambe ndi itatha. Amevlevi anayamba ndi kukhichini cifukwa anadziwa kuti luso lidzetsa kunyada, ndipo kunyada ndilo dothi lodzaza bango. Mnyamata amene aimba bwino pa guwa, koma aona kuti kusesa m'nyumba ya mapemphero kapena kukumba manda nkosayenera munthu wa sukulu ngati iye, sanayambe kuboolewa mkati. Alevi aletsa bağlama kulira kufikira okangana atayanjana, ndipo kwaya imene anthu ace salankhulana cifukwa ca kulimbirana kutsogolera nyimbo ingaphunzire kanthu kwa iwo. Ndipo dzanja lamanzere la dervishi, lija loloza pansi, likumbutsa kuti cimene munthu walandira kumwamba ciyenera kufika kwa mnansi. Nyimbo imene ikwera kumwamba koma siitsikira kwa anthu yatambasula dzanja limodzi lokha.

Mau awa ali ndi nchito yeniyeni m'komboni, mmene nyumba ziri zoyandikana kotero kuti khoma la wina liri pafupi ndi zenera la mnzace. Pamene zokuzira mau zipfuula usiku wonse, kuseri kwa khoma kuli mai amene mwana wace ali ndi malungo, kuli mlonda amene adzagwira nchito mawa, kuli mwana wa sukulu amene ayembekeza mayeso. Opempherawo angati ali kumenyana ndi Satana, koma amene wagonja usiku umenewo ndi mnansi wodwala. Mulungu amene amva kupuma kwa amuna a sikiri ndi liu lopyapyala la bango sali wogontha kuti afune makina. Akulu anati ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Momwemonso amene akonda cete asayese kuti cete yekha ndiye ciyero, pakuti munthu angathe kunyamula maliro mwacete mtima wace uli wodzaza ndi kunyoza abale ace oimba.

Kwatsala funso la agogo aja, la malipiro. Kulandira kanthu cifukwa ca kuimba sikuli kucimwa. Oimba a m'Kacisi wa ku Yerusalemu anali ndi gawo lao la cakudya, ndipo mnyamata wopanda nchito safunika kucita manyazi ndi ndalama imene waipeza ndi zala zace. Koma pali muyeso umene angadziyese nao yekha, popanda mbusa kapena shehe. Tsiku limene mpingo udzasowa compatsa, kodi adzabweranso? Pa maliro a mai wamasiye wosauka, pamene palibe makina, palibe magetsi, palibe woombera m'manja, kodi adzacezera ndi anzace kuimba kufikira kuca? Ngati adzatero, malipiro aja anali sopo cabe, ndipo nyimbo yace njamoyo. Ngati sadzatero, iye ali wamalonda, ndipo kuli bwino adziwe dzina la nchito yace, kuti asanyenge mtima wace.

Nao agogo ali ndi muyeso wao. Ayenera kudzifunsa ngati cimene adana naco ndi kunyada kwa oimba, kapena angodana ndi liu limene sanalizolowere pa ubwana wao. Nyimbo za m'buku zimene azikonda zinalinso zacilendo tsiku lina, ndipo makolo ao anaziyesa phokoso la Azungu. Munthu wokalamba amene aletsa ng'oma m'nyumba ya Mulungu cifukwa ca mantha a zaka zakale, angathe kupitikitsa mdzukulu wace amene anadza ndi mtima woona.

Anyamata ndi asungwana amene atsiriza sukulu masiku ano adzakhala oimba, akulu a mipingo, mashehe ndi makhansala a mawa, ndipo mlandu uwu udzafika m'manja mwao. Ena adzafuna kuletsa, ena adzafuna kugulitsa. Akumbukire kuti dziko la Turkey linayesa zonse ziwiri, ndi kuti bango linapulumuka m'manja mwa oletsa koma likali kulimbana ndi ogula. Asanyoze kalimba wa agogo ao poyesa kuti sukulu yawakweza, ndipo asapembedze kiyibodi poyesa kuti magetsi aiyeretsa. Ndipo mnyamata uja wa ku Kabanana, pofika pa Lacisanu usiku, angayambe ndi kanthu kakang'ono: asanaike zala pa coimbira cace, apite kuseri kwa khoma, akagogode kwa anansi, nafunse ngati m'nyumbamo muli wodwala.